Gulu lothandizana la ophunzira udokotala wa ziweto ku Mangochi: mmene ntchito yayendera, Ogasiti mpaka Novembala 2024

Ophunzira udokotala wa ziweto akabwera ku Mangochi kudzachita atachimenti amamwazidwa awiriawiri. Ena amatsala pa boma, ena amapita ku Monkey Bay, Namwera, Katuli, Chilipa, ena mpaka ku Makanjira. Kubaya jakisoni, kuthena ndi kuyeza nyama ku malo ophera amaphunzira ndithu. Chimene sichinakonzedwe n'choti mwana wa zaka 22, mbuzi ya mayi wamasiye ikamufera m'manja, kapena ndalama ya ufa ikamuthera mwezi usanafike pakati, madzulo ake alankhula ndi ndani. Zolembazi ndi za komiti ya anthu atatu: dokotala wa ziweto, mlangizi wa ziweto wa kumudzi, ndi namwino wa matenda a maganizo. Mayina a ophunzira mulibe, ndipo pa nkhani zolemera sitinatchule dera.

5 Ogasiti: anthu ndi ndalama

Ophunzira alipo 14, anyamata 9 ndi atsikana 5. Anayi ali pa boma, otsalawo awiriawiri m'malo asanu aja. Akufuna kwabwino asonkha K900,000, ndipo tawauziratu kuti malisiti awaona koma dzina la wothandizidwa sadzalimva.

Aliyense tinamufunsa payekha chimene akuopa. Mayankho anali ndalama, mayendedwe, Chiyao chimene ambiri sachidziwa, kulakwitsa pamaso pa mlimi, ndi lipoti lakumapeto. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za kuvutika maganizo. Choncho gululi tinalimanga pa zinthu zimene anatchulazo: foni, ngongole, ndi kukambirana za ziweto zimene zawavuta. Zamumtima zimatulukira momwemo, munthu asanakonzeke n'komwe.

12 ndi 13 Ogasiti: kuphunzitsa othandiza anzawo

Ophunzira anasankha okha anzawo anayi, atsikana awiri ndi anyamata awiri, polemba pa kapepala mwachinsinsi. Tinakana kuti mtsogoleri wa kalasi alowemo chifukwa iye amalankhulana ndi aphunzitsi sabata iliyonse.

Maphunziro anatsata njira ya chithandizo choyambirira cha m'maganizo imene bungwe la WHO linasindikiza mu 2011, ya mbali zitatu: kuona, kumvetsera, ndi kulumikiza munthu kumene angathandizidwe. Mayendedwe anadya K68,000, chakudya cha anthu 6 masiku awiri K72,000, malo ogona a atatu ochokera kutali K72,000, mabuku a hadikava, mapepala ndi zolembera K14,500, ndipo K40,000 inali yothokozera anamwino. Zonse K266,500. Chipinda tinabwereka chaulere.

Tsiku loyamba linayenda bwino chifukwa kunali kulemba notsi, ntchito imene ana a yunivesite amaitha. Lachiwiri, poyeserera, m'pamene panaoneka vuto. Woyerekeza kuti ali pamavuto asanamalize chiganizo chachiwiri, mnzake wayamba kale: «Limba mtima aise, tonse tikudutsa momwemo», kapena «Ungopemphera basi». Anthuwa aphunzitsidwa kumva chizindikiro n'kutchula mankhwala, ndiye kukhala chete kumawayabwa. Anamwino anaika foni pa tebulo n'kutchera mphindi zisanu: m'nthawi imeneyo womvetsera saloledwa kulangiza, kulalikira kapena kukamba za iye mwini. Angofunsa, ndi kubwereza zimene wamva. Onse anayi anagwa ulendo woyamba. Anayamba kukwanitsa chakumasana.

Aliyense anapatsidwa khadi la masitepe a ngozi, lokutidwa ndi pulasitiki kuti lisanyowe ndi thukuta m'thumba la ovolosi. Lamulo la chinsinsi linawerengedwa mokweza kwa onse 14: zimene wanena sizituluka, kupatula ngati moyo wako kapena wa wina uli pachiswe. Pamenepo anamwino adziwa tsiku lomwelo, ndipo iwe uuzidwa kuti akuuzidwa.

19 Ogasiti: awiriawiri pa foni

Aliyense wapatsidwa mnzake woimbirana naye, wa dera lina. Wogona naye nyumba imodzi sawerengedwa, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala iyeyo: sanatsuke mapoto, wamwera ndalama ya makala. Zibwenzi nazo tinazisiyanitsa.

Kuimbirana ndi Lachiwiri ndi Loweruka, 7 koloko madzulo, mphindi khumi. Mafunso ndi atatu okha: wagona bwanji masiku amenewa, wadya chiyani lero, ndi chiweto chiti chakuzunguza mutu. Funso loti «uli bwanji» tinalichotsa chifukwa yankho lake limadziwika kale. Munthu akapanda kupezeka maulendo awiri otsatizana, mnzakeyo auze wothandiza, wothandiza aimbire mlangizi wa ziweto wa deralo kapena eni nyumba kuti akagogode.

Mayunitsi ndi K3,000 munthu aliyense pa mwezi, K42,000 onse pamodzi. Mwezi woyamba anapatsidwa ndalama m'manja, ndipo theka linagula usipa ndi tomato. Palibe wowadzudzula, njala ndi njala, koma kuyambira Seputembala mayunitsi akulowetsedwa m'foni mwachindunji. Wopanda mayunitsi aflashe kawiri, ndiye kuti akufuna kuimbiridwa tsopano lino.

Netiweki inavuta mitundu iwiri. Ku Makanjira imabwera n'kupita, ndiye awiri a kumeneko anafufuza malo amene imagwira bwino n'kusuntha nthawi yawo kufika 5 koloko kusanade. Chakumalire, mbali za Katuli ndi Chiponde, foni imalumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique, mayunitsi n'kutha osaimba. Mankhwala ake n'kulowa m'masetingi, kuzimitsa zoti foni izisankha yokha, n'kusankha Airtel kapena TNM ndi dzanja.

31 Ogasiti: msonkhano wa onse pa boma

Sunayende. Mwa 14 anabwera 9. Wochokera ku Makanjira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu woipa, amataya masiku awiri chifukwa cha maola atatu a msonkhano. Mayendedwe a asanu anadya K61,000, chakudya chinaphikidwa cha anthu 16 pa K3,500 mbale, ndiye K117,000 yapita tsiku limodzi.

Choipa kwambiri sichinali ndalama. Mipando inaikidwa mozungulira, wina n'kunena kuti aliyense afotokoze zakukhosi. Kunali zii. Adokotala anali momwemo, ndipo iwo ndi amene amasainira mabuku a ntchito a anayi a pa boma. Palibe wophunzira angavomere kuti sagona tulo pamaso pa munthu womupatsa malikisi.

Zasintha motere. Misonkhano ikhala ya m'zigawo, ya anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi: Namwera ndi Katuli pamodzi, boma ndi Chilipa, Monkey Bay ndi Makanjira pa foni. Wosainira buku la wophunzira salowa. Msonkhano uyamba ndi nkhani ya chiweto. Tiyi ndi mandasi K8,000 zikwana. Lachisanu masana sitiika kanthu chifukwa cha swala, Lamlungu m'mawa chimodzimodzi, ndipo pemphero lotsegulira amasinthana Akhristu ndi Asilamu, kapena osapemphera n'komwe gulu likafuna choncho.

9 Seputembala: mabokosi a mankhwala

Titayendera nyumba zimene ophunzira akuchita lendi tinapeza mankhwala a dibi, ogonetsa nyama ndi ena ali pansi pa bedi, pafupi ndi thumba la ufa. Kwina mankhwala a nkhupakupa anali m'botolo la chakumwa, lopanda cholemba chilichonse. Izi zimachitika chifukwa ofesi zambiri za kumudzi zili kutali ndi kumene wophunzira agona, ndipo mlimi amagogoda m'bandakucha.

Ngozi yake ili pawiri. Mwana wa eni nyumba atha kumwa. Chachiwiri, kafukufuku wa ku Britain ndi ku America wakhala akuonetsa kuti madokotala a ziweto amadzipha kwambiri kuyerekeza ndi anthu ena, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa n'choti mankhwala oopsa amakhala nawo pafupi. Ganizo lodzipha nthawi zambiri limafika mwamphamvu kenako n'kuphwa. Chilichonse chochedwetsa munthu pa ola limenelo chimapulumutsa.

Kalipentala wa pa boma anakhoma mabokosi 6 a matabwa, masentimita 60 mulitali, 40 mulifupi ndi 35 msinkhu, K18,000 lililonse. Bokosi lililonse lili ndi maloko awiri a K4,500. Zonse K162,000. Kiyi mmodzi asunga wophunzira uyu, wina asunga mnzake, kotero kuti palibe angatsegule yekha. M'kati muli kaundula: tsiku, mankhwala, kuchuluka kotengedwa, kuchuluka kobwezedwa, masaini awiri. Mankhwala ogonetsa ndi opha nyama yovutika salowa m'bokosili n'komwe, amakhala kwa mlangizi.

Patapita sabata ziwiri mabokosi atatu anapezeka kuti zokolekamo loko zinakhomedwa ndi masikuluwu oonekera kunja, oti mpeni wa tebulo umamasula. Tinasintha n'kuika maboti olowera mkati, K9,000. Ku dera lina awiriwo anangomangirira makiyi onse pa chingwe chimodzi n'kupachika pa msomali kuti asamavutane. Apo palibe chogula, tinangokhala nawo pansi n'kuwauza chifukwa chachiwiri chija mosabisa.

18 Seputembala: gulu la WhatsApp laulula

Wina analemba m'gulu kuti akuona ngati maphunzirowa anawalakwitsa kusankha. Pofika mawa lake chithunzi cha uthengawo chinali chitafika kwa a kalasi yawo amene ali m'maboma ena. Wojambula sanadziwike, ndipo kumusaka kukanangoonjezera chidani. Gulu linakhala chete sabata yathunthu.

Mauthenga odzifufuta okha sathandiza, chifukwa chithunzi chimajambulidwa asanafufutike. Tsopano gulu la WhatsApp ndi la nthawi za misonkhano, mitengo ya kabaza ndi zithunzi za ziweto zodwala basi. Zamumtima ndi za pakamwa, pa foni kapena maso ndi maso. Othandiza anayi aja salemba dzina la munthu m'mabuku awo, amalemba nambala imene amaidziwa iwo ndi anamwino.

Fomu ya PHQ-9, yoyezera matenda a kukhumudwa, imene ophunzira ankafunsana okha, nayo taichotsa m'manja mwawo. Ili ndi mafunso 9 okhudza sabata ziwiri zapitazo, lililonse malikisi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27, ndipo wofika 10 amayenera kuonedwa ndi wachipatala. Pamene amafunsana okhaokha pafupifupi onse ankatuluka ndi 2 kapena 3, kuphatikizapo amene timadziwa kuti sakudya. Ankaiona ngati mayeso oti akhoze. Tsopano amafunsa ndi anamwino okha, paokha.

28 Seputembala: galu waluma

Pa 28 Seputembala dziko lonse lapansi limakumbukira za matenda a chiwewe, ndipo ophunzira anali pa ntchito yobaya agalu katemera. Kuti chiwewe chileke kufala pafunika kubaya agalu 70 mwa 100 alionse, ndiye pamakhala changu, agalu ambiri ogwiridwa ndi ana. Mmodzi wa ophunzira analumidwa pa dzanja, mano n'kulowa. Anapukuta ndi sipiriti, n'kuvala golovesi ina, osauza munthu. Zinadziwika Lachiwiri pa foni, pa funso la tulo: masiku atatu anali asanagone, akuwerenga zizindikiro za chiwewe pa intaneti n'kumadziyesa ngati akutha kumeza madzi.

Anabisa chifukwa cha manyazi, poti wophunzira udokotala sayenera kugwidwa ndi galu. Maganizo amenewa ndi oopsa, pakuti chiwewe chikangoonetsa zizindikiro sichichizika. Zoyenera kuchita tazilemba kuseri kwa khadi la aliyense. Tsuka bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo uziwerenge pa wotchi chifukwa n'zambiri kuposa mmene umaganizira. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, usadikire kuona ngati galu adwale. Lemba mwini galu ndi mudzi kuti galuyo ayang'aniridwe masiku 10. Katemera sabayidwa kamodzi, pali masiku obwerera, ndipo mnzako wa pa foni alembe masikuwo kuti azikukumbutsa. Maulendo a kuchipatala anadya K34,000. Galuyo anapezeka, ali bwinobwino patatha masiku khumi, koma tulo ta mwanayo tinabwerera pang'onopang'ono.

Mwa 14 onsewa, amene anabayitsa katemera wa chiwewe asanayambe kugwira agalu ndi atatu okha. Katemerayu ndi wa maulendo awiri, tsiku loyamba ndi tsiku la 7, ndipo amene anabayitsa akalumidwa amangofunika jakisoni woonjezera kawiri. Nkhaniyi ndi yoti ikonzedwe ophunzira asananyamuke kusukulu.

Kanthu kena kakang'ono: m'makomo ambiri a Chisilamu malovu a galu ndi chodetsa. Wophunzira amene wachoka kogwira agalu n'kukakhala pa mkeka wa eni khomo ndi ovolosi yomweyo amalandiridwa mozizira, iye n'kumaganiza kuti amudera chifukwa ndi mlendo. Avule ovolosi, asambe m'manja poonekera. Izi tazionjezera pa pepala la mawu a Chiyao a moni ndi a ziweto limene aliyense ali nalo.

1 Okutobala: thumba la ngongole

Thumba linayamba ndi K100,000, ndipo aliyense amaponyamo K2,000 pa mwezi. Ngongole siipitirira K20,000, yopanda chiwongoladzanja, yobweza m'masiku 21. Cholinga n'choti munthu asapite kwa akatapila kapena kukabetcha mpira pofuna kuchulukitsa ndalama ya lendi. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene makolo amatumiza siifika kumapeto kwa mwezi.

Kutha kwa Seputembala, mwa K128,000 panali patabwerekedwa K120,000, yobwerera K20,000 yokha. Msungichuma anali wophunzira mnzawo, woti sangakanize munthu amene amadya naye. Choipitsitsa n'choti angongole anayamba kuthawa misonkhano ndi kusayankha foni, ndiye thumba limene linabwera kudzathandiza linayamba kubalalitsa gulu.

Ndalama tsopano zili pa foni ya mlangizi wa ziweto amene sasainira buku la wophunzira aliyense. Pa msonkhano za ngongole sizitchulidwa, ndipo othandiza anayi sadziwa amene ali nayo. Kubweza kwa pang'onopang'ono, ngakhale K2,000, n'kololedwa. Ndalama yotapira imachotsedwa ku thumba, osati kwa wobwereka.

12 Okutobala: nkhuku zafa pambuyo pa katemera

Iyi ndiyo nkhani imene yaonetsa ngati makonzedwe onsewa ali ndi ntchito.

Wophunzira wina anapereka katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso, kwa nkhuku za m'mudzi wina. Patapita masiku asanu nkhuku zinayamba kugwa: kuwodzera, chitosi chobiriwira, zina kupindika khosi. Amayi a m'mudzimo anabwera pa nyumba imene amagona, atanyamula nkhuku zakufa, n'kuziunjika pakhonde. «A vetenale, mwatiphera nkhuku. Fizi ya ana tiitenga kuti?» Mwanayo anadzitsekera, foni n'kuzimitsa. Loweruka sanapezeke, Lachiwiri sanapezeke, mnzake anauza wothandiza monga mwa lamulo, ndipo mlangizi anakamupeza ali gone masana, atalongedza kale chikwama.

Pa msonkhano wa chigawo nkhaniyi inakambidwa mwa dongosolo limene tsopano tikulitsata nthawi zonse. Mwini nkhani amafotokoza zimene zinachitika, osadulidwa. Kenako gulu limafunsa zimene iye ankadziwa pa tsikulo, osati zimene zadziwika pambuyo pake. Kenako zimene mabuku amanena. Pomalizira penipeni m'pamene amafunsidwa za tulo ndi chakudya, ndipo pofika apo munthu amakhala atamasuka kale.

Zinapezeka kuti pa khomo lina m'mudzimo nkhuku zinali zitayamba kufa sabata imodzi katemera asanafike, chiyambireni tambala wogulidwa pa msika. Chitopa chimabisala m'thupi masiku angapo, nthawi zina mpaka sabata ziwiri, nkhuku ikuoneka yabwino. Katemera amateteza, sachiza, ndipo chitetezo chimakhwima patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhuku zija zinali zitatenga kale matenda. Atatumbula ziwiri anapeza timadontho ta magazi m'kachifu kamene kali patsogolo pa nthutumba, chizindikiro chimene chimaoneka kawirikawiri pa chitopa. Komanso ino ndi nyengo yake, yotentha ndi youma.

Anzake anafuna kumutonthoza ndi mawu oti «sunalakwe chilichonse». Wothandiza anawaletsa, ndipo anachita bwino. Mwanayo amadziwa sayansi, bodza lotonthoza akanaligwira. Choona n'choti katemera sanaphe nkhuku, koma panali funso limene silinafunsidwe botolo lisanatsegulidwe. Munthu amatha kunyamula cholakwa chimodzi chodziwika dzina. Chimene chimamugwetsa ndi kuganiza kuti iye yense ndi wosatha ntchito.

Kumudzi sanabwerere yekha. Anapita ndi mlangizi, anayambira kwa amfumu, ndipo woyamba kulankhula anali mlangiziyo: «Amfumu, mwanayu ndinamutuma ndine. Mlandu ukakhalapo ndi wanga. Koma tiloleni tifotokoze mmene matendawa amayendera.» Anafotokoza m'Chiyao, anafunsa za tambala uja, ndipo mwini khomo anavomera yekha. Si onse anakhutira. Makomo ena anena kuti katemera sadzalolanso.

Tsopano botolo lisanatsegulidwe pafunsidwe zitatu, kwa amfumu ndi kwa makomo osachepera asanu: kodi kwafa nkhuku m'sabata ziwiri zapitazi, kodi kwalowa nkhuku yachilendo, kodi midzi yoyandikana kuli bwanji. Yankho limodzi likakhala loipa, katemera aimitsidwe, mlangizi adziwe. Alimi auzidwiretu pamaso pa amfumu kuti nkhuku yodwala kale ifa ndithu, ndi kuti katemerayu amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse.

17 Okutobala: kutentha

Kwatentha zedi m'mbali mwa nyanja ndi mu Shire. Awiri adandaula mutu ndi chizungulire, wina anakomoka pa dibi. Ntchito ya kumudzi tsopano iyamba 5:30 m'mawa n'kuima 10 koloko. Aliyense anyamule malita awiri a madzi ndi paketi ya ORS. Ikasowa, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Osambira m'nyanja kuti azizidwe akumbutsidwa za likodzo, ndipo wotentha thupi ayezetse malungo asanayambe kunena kuti ndi kutopa chabe.

24 Okutobala: uthenga wa usiku

Cha m'ma 10 koloko usiku wothandiza wina analandira uthenga wochokera kwa mmodzi wa anzake, wotsazika ndi wopepesa, wopanda chifukwa chomveka. Anatsata khadi. Anaimba nthawi yomweyo, osayankha ndi meseji. Anafunsa mosazungulira: «Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?» Kufunsa chotere sikuika ganizo m'mutu mwa munthu, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina watchula. Yankho linali eya. Anamuuza kuti anamwino adziwa usiku womwewo, anaimbira wogona naye nyumba pa foni ina kuti adzuke, akhale naye ndi kutenga kiyi wa bokosi, ndipo sanadule foni mpaka mlangizi atafika.

Zinthu ziwiri zinalephereka. Foni ya anamwino inali itazima chifukwa magetsi anathima kuyambira masana, ndipo pa khadi panali nambala imodzi yokha. Chachiwiri, nthawi imeneyo mafuta ankasowa m'dziko muno. Pa pampu petulo anali K2,530 lita koma kunalibe, akabaza ankagula wa m'zigubu, ndiye wa njinga yamoto amene anavomera kuyenda usiku anafuna K15,000 ya pompo. Inatenga nthawi kuti ipezeke.

Wophunzirayo anafika kuchipatala, anaonedwa, ndipo akulandira chithandizo. Achibale anauzidwa iye atasankha woti auzidwe. Zambiri sitilemba.

Khadi lasindikizidwanso ndi manambala atatu: anamwino, wachipatala wina wogwirizana nafe, ndi mlangizi wa deralo. K20,000 ya m'thumba yapatulidwa, siibwerekedwa, ndi ya mayendedwe a ngozi basi. Dera lililonse lagwirizana ndi wakabaza mmodzi wodziwika amene angadzutsidwe usiku n'kulipidwa mawa.

Wothandiza uja naye anafunika thandizo. Zinaoneka kuti anthu asanu ankaimbira iye yekha, ena pakati pa usiku, chifukwa ndi womvetsera bwino, ndipo lipoti lake linali litaima. Tsopano wothandiza aliyense asapitirire anthu atatu, usiku amasinthana sabata ndi sabata, ndipo anamwino amalankhula ndi anayiwo pa sabata ziwiri zilizonse za iwo eni.

4 Novembala: za atsikana

Atsikana asanu aja anapempha msonkhano wawokha, ndipo m'mene zinatulukira zimene sizinatchulidwe miyezi itatu. Wina amaumirizidwa kukasainitsa buku lake madzulo kunyumba kwa munthu. Wina pa malo ophera nyama, akakana chiwindi chodzaza ndi nyongolotsi kuti chisagulitsidwe, amanyozedwa ndi mawu otukwana amene mnyamata sauzidwa.

Apa gulu la anzawo silokwanira, ndipo kungomvetsera n'kusiya pomwepo kukanakhala kuwanyenga. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere pa ntchito ndi pa sukulu, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Onse auzidwa njirazi, koma kukadandaula kapena ayi asankha mwini wake. Zimene komiti yatha kuchita yachita: mabuku asainidwa mu ofesi, masana, ophunzira awiri ali pomwepo. Woumirizidwa uja wasamutsidwa, chifukwa chake cholembedwa ndi cha mayendedwe monga anapemphera. Aliyense asunge mauthenga ndi kulemba tsiku ndi ola. Pokana nyama, chigamulo alengeze ndi woyeza nyama wamkulu, wophunzira asaime yekha pamaso pa eni butchala. Gulu likubwerali msonkhano wa atsikana uyambe sabata yoyamba.

22 Novembala: kupereka kwa gulu lotsatira

Ophunzira 13 amaliza atachimenti, mmodzi apitiriza akapeza bwino. Mwa K900,000 yatsala K4,500, titachotsa K168,000 ya mayunitsi a miyezi inayi ndi K24,000 ya misonkhano itatu ya m'zigawo. Thumba la ngongole linafika K184,000. Yotapira yadya K6,200, K35,000 ikadali kwa anthu awiri amene alonjeza kutumiza pa foni, ndiye m'manja muli K142,800. Ophunzira agwirizana kuti zopereka zawo zitsale.

Mabokosi 6 ali kwa alangizi, makiyi ali m'maenivelopu osainidwa. Limodzi la ku Monkey Bay ladyedwa pansi ndi chiswe, lifunika thabwa latsopano ndi miyendo. Mabuku a othandiza aperekedwa kwa anamwino kuti awotchedwe.

Zosakonzeka zilipo. Amene anali pa chithandizo akubwerera kusukulu, ndipo kalata yowatumiza kwa aphungu a kumeneko yaperekedwa m'manja mwawo, kuti apereke okha akafuna. Awiriawiri aja ena apitiriza kuimbirana, ena ayi, ndipo mayunitsi athera pano. Gulu lotsatira likafika nthawi ya mvula, msewu wa ku Makanjira ndi wa ku Katuli udzavuta, matenda a nkhupakupa ndi njoka za m'mimba adzachuluka, ndiye ntchito idzakula pamene kuyenderana kwachepa. Mabokosi alipo kale, choncho ndalama yofunika kuti tiyambenso ndi ya maphunziro, mayunitsi ndi tiyi, pafupifupi K460,000 pa mitengo ya mu 2024, ndipo maphunziro a othandiza achitike sabata imene ophunzira akadali pa boma, asanamwazikane.